Ulusi wa Madala Kuramochi

Lolemba, 11 Novembala

Andigoneka m'chipinda cha mabedi anayi. Langa lili cha kuwindo, koma windo lake lapenya khoma, ndiye palibe wondisilira. Nesi wandimanga kachingwe ka dzina pamkono: Shiraishi Tokiko, zaka 68. Upulofesa wonse watsala pakhomo pamodzi ndi nsapato.

Vuto ndi ili. Kuyambira mwezi watha zala ziwiri za kumanzere zachita dzanzi, ndipo mwendo wa mbali yomweyo umakoka ndikamakwera masitepe. Atandijambula anapeza chotupa m'khosi, mkati mwenimweni mwa mtsempha waukulu wa mumsana. Dokotala wanga ndi a Ushijima, munthu wamfupi woyankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Akuti ayamba achepetsa kutupa ndi mankhwala, opaleshoni Lachinayi la sabata yamawa.

Ndayamba kulemba kuti tsiku lizitha. Komanso ndikufuna ndizionera pa zilembozi mmene dzanja lamanja likuyendera. Lero lili bwino.

Lachiwiri, 12 Novembala

Magazi atenga timabotolo tinayi. BP 158/92, akuti ndi mantha. Ine ndati ndi mkwiyo wa supu yopanda mchere ija.

Masana kunabwera dokotala wachinyamata ndi singano ndi thonje. "Tsinzinani, mayi. Apa mukumva? Nanga apa?" Moyo wanga wonse ndakhala ndikutsinzinitsa anthu n'kumawafunsa funso lomwelo. Sindinkadziwa kuti limakwiyitsa chonchi.

Pabedi loyandikana nane pali mayi Obata Sueko, a zaka 74, odwala msana. Anali ndi kabala kawo kuseri kwa siteshoni ya sitima. Bala anatseka, koma pakamwa sipanapume pantchito. Andifunsa za ntchito yanga ndisanamalize n'kupereka moni komwe.

"Ndinkafufuza za mmene munthu amaganizira," ndinatero.

"Ndiye munapeza?"

"Anapeza ndi aphunzitsi anga, malemu Kuramochi Naosuke. Iwo ankati nzeru sizikhala m'mutu mokha. Munthu amaganiza ndi manja, ndi mapazi, ndi thupi lonse, ngakhale ndi chinthu chimene wachigwira."

"Zimenezo basi? Azibambo a ku bala kwanga onse sankaganiza ndi mutu, koma palibe anawapatsa upulofesa."

Ndaseka mpaka khosi kuwawa. Madala akanawakonda mayi amenewa. Tinkawatchula choncho aphunzitsiwo, kumbali.

Lachitatu, 13 Novembala

Diripi ya mankhwala ochepetsa kutupa, m'mawa ndi madzulo. Amakweza shuga, ndiye akumandibaya chala chakudya chisanabwere. Ndapempha kuti azibaya kumanzere kokha. Nesi anadabwa, koma sanafunse.

Ndilembe chimene chikundisowetsa mtendere, mwina chichoka pamtima.

Dzina la Madala laima pa chipangizo chimodzi. Ndi chimango cha matabwa, chachikulu ngati tebulo la tiyi, chokungidwa ulusi wa silika wambirimbiri ngati zingwe za gitala. Pansi pa ulusiwo umayika kanthu, kaya kapu, kaya kiyi, kaya mwala. Munthu umamumanga kumaso n'kumupatsa kandodo ka nsungwi kuti aziyendetsa pamwamba pa ulusi. Poyamba amangomva ndodo ikunjenjemera m'manja. Koma ulusi ukakungidwa bwino, imafika nthawi ndodo ija imazimirira, munthu n'kumva kapu yeniyeniyo ngati waikhudza ndi chala chake. Ena ankaponya ndodo pansi ndi mantha. Makina oyeza ubongo ankaonetsanso kuti thupi laitenga ndodoyo ngati chiwalo chake. Mabuku, ophunzira, ndodo zatsopano za osaona, manja ochita kupanga, zonse zinaphuka pamenepo.

Patha zaka khumi ndi ziwiri Madala atamwalira. Chaka chino anthu ena kunja anapanga chimango chawo potsata miyezo ya m'buku, ndipo ndodo sinazimirire. Alemba kuti Kuramochi anali wodziwa kunyengerera anthu basi, wamatsenga wovala jekete. Mwezi wa Malichi akubwera kuno ku Kanazawa ndi makina awo kuti adzaone okha pa chimango chenichenicho. Chikakanika pamaso pawo, dzina latha.

Chimene sakudziwa n'chakuti miyezo ya m'buku ndi poyambira chabe. Silika amasintha ndi chinyezi cha tsikulo. Ulusi uliwonse umakungidwa molingana ndi unzake, ndiponso molingana ndi dzanja la amene agwire ndodo. Tinayesapo kuyeza ndi makina. Manambala ankatuluka, koma mawa lake manambala omwewo sankagwira ntchito. Zimadziwa ndi zala. Madala sankafotokoza, ankaphunzitsa ngati amisiri akale: ima pambali, ube ndi maso, kenaka ugwire. Tinaphunzira atatu. Awiri anatsogola. Ya Malichiyi ndinati ndidzakunga ndekha monga mwa masiku onse, ndipo palibe anaganizapo kawiri, ngakhale ine ndemwe.

Lachinayi, 14 Novembala

A Ushijima anaitanitsa wachibale, ndiye kunabwera mchimwene wanga wamng'ono, Tatsuji, atavala tayi ngati akukafunsira mbeta. Anatikhazika m'kachipinda, chithunzi cha khosi langa chili pa kompyuta.

"Chotupacho chili mkati," anatero adokotala. "Kuti tichifike tiyenera kutsegula mtsemphawo cha kumbuyo, ndipo kumbuyoko ndi kumene kumadutsa kumva kwa khungu. Tikachisiya, pofika chilimwe simudzayendanso."

"Nanga zala?" ndinafunsa.

"Zidzayenda."

"Sindikufunsa kuyenda. Zidzamva?"

Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. "Miyendo ndingalonjezeko. Zala ayi."

"Ndiye zili bwino, achemwali," anatero Tatsuji. "Bola kuyenda. Inu si woimba piyano."

Ndi munthu wabwino, koma mutu wake uli ngati basi imene ankayendetsa ija, sudziwa msewu wina.

Ndachita mantha lero, ndisabise.

Lachisanu, 15 Novembala

Kwabwera Nagumo Chisato. Ndi amene anatenga mpando wanga ku yunivesite nditapuma, ndipo za Malichi zonse zili pamutu pake. Ali ndi zaka 41, wanzeru kuposa ine, waulemu mpaka kutopetsa. Wandionapo kangapo ndikukunga ulusi, koma kugwira sanagwirepo, chifukwa nthawi zonse tinkathamangira zina.

Wabwera ndi manachesi. Chikhoti sanavule, ndipo anakhala m'mphepete mwa mpando, monga achitira munthu woleredwa bwino amene akudziwa kuti kwa wodwala sachedwako.

"Aphunzitsi, za ntchito musaziganizire n'komwe. Muzingopuma."

"Ndipume bwanji, uku anthu akunyoza Madala?"

"Zimenezo tidzaziona mukachira."

Ndinadikira. Ndinkafuna anene kuti ndiphunzitseni zisanachitike. Akanangonena, ndikanakana kamodzi mwamwambo, iye n'kuumirira, ine n'kuvomera, ndipo lero lomwe tikanayamba. Koma anangoyang'ana manja anga, kenaka pansi.

"Ndikatuluka tidzakunga limodzi," ndinatero ine.

"Inde, Aphunzitsi."

Anawerama kawiri pakhomo n'kumapita. Mayi Obata akuti, "Mwana wanuyo wabwera kudzaona wodwala kapena kudzasiya katundu?"

Loweruka, 16 Novembala

Madokotala kulibe. Shuga 176. Chakudya: mpunga, tofu wa soya, ndi kansomba koyera kosadziwika dzina. Tatsuji wazembetsa nkhanu yophika m'kabokosi, poti nyengo yake yayamba. Tadya ndi mayi Obata titatseka makatani ngati mbava. Ndaswa miyendo yake ndi dzanja lamanja, ndikumvetsera kaminga kalikonse pa chala. Sindinayambe ndasamalapo nkhanu chotero.

Ndinawafotokozera nkhani yonse ya chimango. Sanachedwe kuweruza.

"Muimbireni foni mtsikanayo, abwere nacho."

"Sizitheka. Ali ndi makalasi, bambo ake akudwala, mayeso ayandikira. Ine ndinapuma ntchito. Ndikamuitana sangakane, ndiye kumeneko si kupempha, ndi kulamula."

"Ndiye lamulani."

"Wofuna kuphunzira ndi amene amapempha. Ife Madala tinachita kuwagwadira."

"Asisi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Akumva m'mimba apa ndani?"

Ndinatembenukira kukhoma. Chimene sindinawauze n'chakuti kumuitana Chisato tsopano kuli ngati kuvomereza ndi pakamwa panga kuti zala zikupita. Mtima wanga sunafike pamenepo.

Lamulungu, 17 Novembala

Mvula tsiku lonse. Ndasolola kaulusi m'mphepete mwa thaulo, ndamanga ku chitsulo cha bedi, n'kumakoka ndi kumasula. Si silika, koma zala zikudziwabe malo ake. Pali pamene ulusi umasiya kukana n'kuyamba kuyankha. Ndayesa kulemba mmene pamamvekera. Ndadzaza tsamba, ndawerenga, ndang'amba. Zinali ngati kufotokozera munthu kukoma kwa mchere. Madala ankanena zoona kuti izi sizilembeka, ndipo lero ndawakwiyira chifukwa cha kulondola kwawoko.

Lolemba, 18 Novembala

Chala chapakati cha kumanzere chalowa nawo gulu. Mbale ya supu yandipulumuka. Ajambulanso khosi, ayeza mtima ndi mapapo. Akuti zili bwino kwa munthu wa msinkhu wanga. Mawu amenewo ndayamba kudana nawo.

Chisato wabweranso, ndi timakeke ta nyemba toti sindingadye chifukwa cha shuga. Ndinaganiza zomutsegulira njira.

"Chimango chija chili bwanji?"

Anafiira nkhope mpaka m'makutu. "Chili bwino, Aphunzitsi. Ndachisunga pabwino."

"Silika unagula?"

"Ndinagula."

"Chabwino."

Apo ndinali nditatsegula chitseko mpaka kugunda khoma. Iye anangoti, "Mukuoneka otopa, ndisakuchedwetseni." Ndapsa mtima. Ndati chamumtima, ana a masiku ano amafuna mpando, osati ntchito yake. Timakeke adya mayi Obata.

Lachiwiri, 19 Novembala

Palibe zoyeza. Tsiku langa losamba, ndipo nesi anaima panja pa chitseko n'kumandiitana dzina kuti aone ngati sindinagwe.

Ndakhala ndikuganiza za Madala. Tsiku loyamba la kalasi yawo tinapeza mipando atatulutsa yonse. Anatitengera kumtsinje, kutivulitsa nsapato, n'kutiyendetsa pamiyala yoterera. Ine ndinali kamtsikana kodzimva, koloweza mabuku. Nditangotsala pang'ono kugwa, phazi linapeza lokha poponda. Anandiloza ndi ambulera. "Waganiza ndani pamenepo, iwe kapena phazi?" Ndinati phazi. Anati, "Ndiye uzilipatsa ulemu." Kuyambira pamenepo sindinachokenso pakhomo pawo.

Sanali munthu wokoma ayi. Paukwati wanga anayankhula za miyendo ya mphemvu, ndipo pamaliro a mwamuna wanga anafika mochedwa. Koma ndi iwo amene anandipatsa maso oonera dziko.

Chaka chomaliza, ali chigonere, mtolankhani wina anawafunsa kuti mwa mabuku awo onse lalikulu ndi liti. Anatiloza ife atatu. "Buku langa ndi awa." Tinanyada kwambiri tsiku limenelo. Palibe anafunsa kuti buku lotero akalifuna patapita zaka adzalipeza kuti.

Lachitatu, 20 Novembala

Mawa. Andimeta kumbuyo kwa khosi. Kudya komaliza ndi madzulo ano. Dokotala wogonetsa anabwera kudzafunsa ngati ndili ndi mano oikirira. Ndati onse ndi anga, ndipo ndikuwafuna ndikadzuka.

Chisato anafika masana, tsitsi litanyowa. Anakhalitsako kuposa masiku ena. Tinakamba za mvula, za bambo ake, za pulofesa wina amene wagwa pa njinga pamaso pa ophunzira. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Aphunzitsi."

"Ndikumva."

Anatsegula pakamwa. Ndikanati nena, mwanangu. Koma ndinaona maso ake atalengeza misozi, ndipo ndinamumvera chisoni kuti angalire pamaso pa anthu.

"Pita, msewu ukuterera," ndinatero.

"Muchire msanga."

Mayi Obata sanandiyankhulitse mpaka nthawi ya chakudya. Kenaka anati, "Anthu ophunzira inu mumatopetsa."

Zilembo za lero n'zowongoka bwino. Ndaziyang'ana nthawi yaitali.

Lamulungu, 24 Novembala

Akulemba ndi Tatsuji, ine ndikunena. Ndadzuka. Chotupa achotsa chonse. Khosi lili m'chomangira cholimba. Zala za kumapazi zikugwedezeka. Ululu ulipo, mankhwala akuthandiza. Basi, ndatopa.

Achemwali akuti ndisawonjezere zanga. Koma akuoneka bwino.

Lachiwiri, 26 Novembala

Ndabwerera pabedi langa la pawindo. Cholembera chandikanika, ndiye ndikuyankhula mu foni, imalemba yokha. Ndimadikira mayi Obata apite kokasamba, apo ayi amayankhira.

Singano ndi thonje zabweranso. "Apa mukumva?" Ayi. "Apa?" Ayi. Manja onse awiri, kuyambira m'zikhatho mpaka kunsonga. Akuyenda, akufumbata, akutambasuka, koma ndikatsinzina sindidziwa kumene ali. Nesi anandiika kiyi m'dzanja nditatsinzina kuti ndinene n'chiyani. Ndinati mulibe kanthu.

Lachitatu, 27 Novembala

Phala la mpunga, ndi supuni. Ndikachotsa maso pa dzanja, supuni imagwa. Mayi Obata akundidyetsa nachesi, kachidutswa kamodzikamodzi, akuti makasitomala oledzera ankawachitira zomwezo.

Lachisanu, 29 Novembala

Ndayenda ndi chogwirira mpaka kumapeto kwa khonde. Tatsuji anawomba m'manja, anthu n'kumatiyang'ana.

Mafizo a manja akundichititsa ndi mayi wina wachitsikana, a Kanamori. Kutola nyemba m'mbale ya mpunga, kumanga mabatani. Ndikalephera ndimayamba kukonza m'mutu kuti chala ichi chipite apa, icho apo.

"Musaganize, mayi," anatero. "Dzanja limaphunzira pogwira. Mutu umabwera pambuyo kudzalandira ulemu."

Ndinasiya nyemba. "Mawu amenewo munawatenga kuti?"

"Kusukulu. Ndi a Kuramochi amenewo. Buku lawo tonse tinaliwerenga, theka la zimene timachita muno zinachokera kwa iwo." Anatola nyemba imene ndinagwetsa. "Kungoti za ulusi zija akuti zinali zabodza. Zachisoni, eti? Munthu wanzeru ngati ameneyo."

"Akutero ndani?"

"Aliyense. Zili pa intaneti."

Sindinawauze kuti ndine ndani. Ndikanati si bodza, akanati tionetseni, ndipo ndikanawaonetsa ndi chiyani? Madala akundiphunzitsa kumanga mabatani kudzera mwa munthu amene akuwayesa wabodza. Ndalira m'bafa, madzi a pampopi ali chitsegulire.

Lolemba, 2 Disembala

Zotsatira zabwera: si khansa. Ulusi wa pabala achotsa. A Ushijima akuti kumva kungabwerere pang'ono m'miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka: kutentha, kuzizira, kupanikiza. Ndinafunsa za kumva kosiyanitsa pepala limodzi ndi awiri. Anavulanso magalasi. Ndinati basi, ndamva.

Aliyense akusangalala. Tatsuji waimbira abale onse. Ndikuyesetsa kusangalala nawo, chifukwa moyo si kanthu kakang'ono. Mayi amene anali pabedi la pakhomo anawatenga Loweruka ndipo sanabwerere.

Chipale chofewa choyamba chagwa. Chisato watumiza maluwa, iye sanabwere.

Lachinayi, 5 Disembala

Tatsuji walowa akukutumula chipale pachipewa.

"Achemwali, mtsikana wanu wa ku yunivesite uja ndamupeza pansipa, poimika magalimoto. Wangokhala m'galimoto, injini itazima. Kumbuyo kuli chinthu chachikulu chokutidwa ndi bulangete. Chomwe chija."

"Chomwe chiti?"

"Chimene amayenda nacho nthawi zonse. Opaleshoni isanachitike ndinamuona nacho kawiri. Tsiku lina anachinyamula mpaka pachitseko cha chipatala, n'kubwerera nachonso. Ine ndimayesa ndi tebulo."

"Bwanji sunandiuze?"

"Munandifunsa?"

Ndinamutuma kuti akamutenge, ngakhale pochita kumukoka.

Anabwera, maso atatupa. Lero chikhoti ndinamuvulitsa.

"Chisato, m'galimoto muli chiyani?"

Anagwada pansi penipeni pakati pa mabedi, mphumi mpaka kugunda. Mayi Obata anazimitsa wailesi.

"Chimango, Aphunzitsi. Ndi silika, ndi ndodo. Ndinabwera nazo maulendo onse atatu."

"Ndiye bwanji sunanene?"

"Ndikananena bwanji? Kukupemphani opaleshoni isanachitike kunali ngati kukuuzani kuti mutuluka opanda manja. Ndinaopa kukulodzani ndi pakamwa panga. Ndinati mukafuna mundiuza nokha, ine ndingotsika n'kukatenga."

"Ndinakufunsa za chimangocho."

"Munafunsa ngati chili bwino. Kenaka munati chabwino. Ndinayesa mwatseka nkhani."

"Ndinali ndikutsegula."

Tsiku lija ndinamuuza kuti pita, msewu ukuterera, chimango chinali pansipa, ulendo umodzi wa chikepe, ndipo zala zanga zinali zikumva. Zandipweteka kuposa bala la pakhosi.

Mayi Obata analowererapo. "Ulemu wanuwu mukanamaugulitsa, bwenzi nonse muli ndi nyumba zosanja. Dzuka apo iwe, pansi pakuzizira."

Sindinamukalipire Chisato. Ndikanamukalipira chiyani choti ineyo ndinachita mosiyana? Ndamuuza kuti abwere nacho Loweruka.

Loweruka, 7 Disembala

Anesi atilola kugwiritsa ntchito chipinda chochezeramo alendo masana onse. Tatsuji ndi Chisato anakwera nacho chimango n'kuchiika patebulo. Fungo la matabwa ake ndi lomwe lija, mafuta ndi fodya wa Madala. Mphuno yokha ndiye sinandithawe.

Chisato anakunga, ine ndikuyang'ana. Maso amaonako zina. Ndinamuuza kuti chigongono chitsike, asakoke ndi mkono wonse, atulutse mpweya asanamange mfundo. Ali ndi manja abwino, ofatsa. Akanakhala ndi masana atatu aja, dzanja langa lili pamwamba pa lake, sindikunena kuti akanadziwa zonse. Koma akanamva kamodzi pamene ulusi umayankhira, ndipo thupi likamva kamodzi limakafuna lokha.

Amene anadzipereka kugwira ndodo ndi mayi Obata. Tinawamanga thaulo kumaso n'kuika kapu ya tiyi pansi pa ulusi.

"Mundiuze ndikayamba kukhala wanzeru," anatero.

Anayendetsa ndodo uku ndi uku kwa nthawi ndithu.

"Mukumva chiyani, mayi?" anafunsa Chisato.

"Ndodo."

"Pitirizani pang'ono."

Anapitiriza mpaka mkono unatopa. "Pepani, ana inu. Ndimafuna ndikusangalatseni, koma ndi ndodo basi."

Chisato anamasula ulusi wapakati n'kuukunganso pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano. Kenaka anatenga dzanja langa lamanja ndi manja ake awiri, anawongola chala changa cholozera, n'kuchiika pa ulusiwo.

"Ndi chonchi, Aphunzitsi?"

Ndinauona ulusi ukupindika pansi pa chala. Ndinatsinzina kuti mwina, ndipo zonse zinazima, ulusi, chala, dzanja lomwe. Nditatsegula maso anali akundiyang'ana. Madala, ulusi ukakhala bwino, ankangoti "Eya", osawonjezera kanthu, ndipo ine ndinadikira zaka zinayi kuti ndilimve liwu limenelo. Lero linali pakamwa panga. Akanapita kwawo wosangalala, akanagona tulo, ndipo mu Malichi akanaima pamaso pa alendo aja ndi ulusi woti palibe anaumva.

"Sindikudziwa, mwanangu," ndinatero. "Sindikudziwanso."

Anagwedeza mutu, n'kubweza dzanja langa pamiyendo panga mosamala, ngati akubweza chinthu chobwereka. Anamasula ulusi uja n'kuyambanso. Ndinakhala pambali pake ndikuyang'ana, mpaka nesi anabwera kudzatiuza kuti akufuna kutseka chipindacho.